Mabotolo Awiri a Nambala 23

Mkazi wanga.
Chisena cha m'nyumba, chimene ndinkamva koma osayankhula.
Njala ya m'mawa.
Munthu wodziwa pamene pali sizasi.
Kukhala pansi malo amodzi.

Ndi zimene ndinataya tsiku limene lole ya mchenga inagunda njinga yamoto imene mkazi wanga anakwera popita ku msonkhano wa kuntchito kwawo. Tinali titakhala m'banja zaka zitatu. Mwana tinalibe. Za ngoziyo sindilemba zoposa pamenepa.

Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera kuno kwa Chapananga. Iye anali mlangizi wa zaulimi. Kwawo kunali kwa Ndamera, kumunsi kwa Nsanje, ndipo tinakamuika kumeneko. Nditabwerako ndinayambiranso ntchito sabata yomweyo, anthu n'kumati ndine wolimba mtima. Sanaone kuti makope a ana ndinkachonga chiimirire. Nthawi yopuma ndinkazungulira bwalo la mpira ngati munthu wofuna chinthu chimene wagwetsa. Ndikaweruka ndinkasesa pabwalo, kenako n'kuyamba ulendo wa kumsika, n'kubwerera panjira chifukwa sindinkadziwa chimene ndikukagula. M'nyumba mwathu muli kachipinda kamene iye ankasungamo zinthu za kuntchito. Chitseko chake ndinkangochidutsa.

Kuti zimene zinali m'kachipindamo zimveke, ndiyambe ndi laputopu yanga.

Ku koleji ndinaphunzira njira ina yolembera mapepala a masamu pa kompyuta. Polemba simuona tsamba. Mumalemba malamulo, mzere ndi mzere, ndipo pulogalamu imawerenga malamulowo n'kuyala tsambalo yokha: apa mutu, apa funso, apa mpata woyankhira. Mafulakishoni amatuluka oongoka ngati a m'buku logula. Anzanga m'sitafu amati ndi njira ya anthu odana ndi mpumulo. Ine ndinaikonda chifukwa cha zinthu ziwiri. Choyamba ndi kaunta, kabokosi kosaoneka kamene kamasunga nambala imodzi yathunthu, yopanda theka kapena chidutswa. Mumakapatsa dzina, mumaikamo 1, ndipo mukakauza kuti kawonjezere imodzi, kamakhala ndi 2. Chachiwiri ndi lupu, lamulo louza pulogalamu kuti ibwereze ntchito yomweyomweyo mpaka funso limene mwaika litayankhidwa kuti ayi. Ndi ziwirizi manambala a mafunso ankadzilemba okha. Ndikachotsa funso lachitatu, lachinayi linkasanduka lachitatu popanda ine kulikhudza.

Mkazi wanga ankati, "Anzanu amalemba mayeso. Inu mumalemba kalata yopempha kompyuta kuti ikulembereni mayeso."

Chaka cha ngoziyo, anthu atakolola, iye ndi gulu la amayi a m'midzi itatu anayamba kusonkhanitsa mbewu zamakolo zimene zinkasowa: mapira, mchewere, nseula, chitowe. Aliyense ankabwera ndi yake m'botolo la pulasitiki, atasakaniza ndi phulusa poopa anankafumbwe. Zina mkazi wanga ankapempha yekha akamayenda. Cholinga chinali choti mvula ikagwa agawane, mbewu iliyonse ichulukitsidwe. Mabotolo anakwana 60, ndipo popeza gululo linalibe nkhokwe, anabwera kwathu. Vuto linali mayina. Mapira amodzimodzi Mmang'anja amawatchula mwina, Msena mwina, ndipo amayi awiri a mudzi umodzi ankatha kukangana masana onse pa dzina la mbewu imene onse amalima. Komanso si onse amene amawerenga mawu, pamene nambala aliyense amaidziwa chifukwa cha foni. Ndiye anaganiza zoti botolo lililonse likhale ndi nambala yokha, yaikulu, ndipo m'kope mwake azilemba kuti nambala yakuti ndi mbewu yanji, yachokera kwa yani, imacha liti.

Loweruka lina ndinam'peza pakhonde akudula katoni ya sopo, akulembapo manambala ndi cholembera.

"Zisiyeni izo," ndinatero. "Ndikupangirani zabwino."

"Zanu zija zotenga sabata?"

"Mphindi khumi basi."

"Mphindi khumi za aphunzitsi. Ndikaphike kaye, ndidye, ndigone, ndidzuke."

Zinanditengera masana onse, ndipo ndinasangalala nawo masanawo. Tsamba limodzi linkakwana timapepala 12, titatu chopingasa, tinayi chotsika. Masamba asanu. Ndinapanga makaunta atatu: ya nambala ya botolo, ya malo pa tsamba, ndi ya masamba. Malupu anali awiri, ina m'kati mwa inzake, yakunja yotsegula tsamba latsopano, yam'kati yodzaza tsambalo. Iye ankabwera kudzasuzumira, n'kufunsa ngati kompyuta yayankha kalata yanga. Lolemba ndinakasindikiza ku ofesi ya sukulu. Tsamba loyamba ndinaliyang'ana bwinobwino: 1 mpaka 12, manambala akuda bii, iliyonse m'kabokosi kake. Enawo ndinangoona kuti alipo anayi. Belu linali litalira.

Atawalandira anawayang'ana nthawi yaitali. "Koma ndi okongola," anatero. "Ndakhululuka."

Sanamate onse tsiku limodzi. Ankadula tsamba limodzi, n'kumata ndi selotepu, n'kulemba m'kope. Lotsatira ankalidula mwina patapita sabata, malinga ndi mmene mabotolo ankabwerera. Tsamba lomaliza analimata kutatsala masiku ochepa kuti amwalire.

Patapita miyezi iwiri chimuikireni, kunatentha kutentha kuja kwa mvula isanagwe, kumene ngakhale mbuzi zimasiya kudya n'kungoima m'mbali mwa khoma. Chakumapiri a kumalire mabingu anali atayamba kumveka. Tsiku lina nditaweruka ndinapeza amayi awiri akundidikira pakhonde. Mmodzi anali wapampando wa gulu lija, mayi wamtali amene amagulitsa zitumbuwa pageti la sukulu. Winayo anali mlembi wa gululo, wamfupi, wosasunga mawu m'kamwa.

Atandipepesa, wapampando anati, "Aphunzitsi, sitikufuna kukuvutitsani. Koma mvula sidziwa maliro. Tabwerera mbewu zija."

Ndinatsegula chitseko chija. Mabotolo anali pamatabwa mmene anawasiyira, kope lili pamwamba, cholembera chili m'kati mwake. Sindinayang'ane china. Tinatulutsira zonse pakhonde n'kuyamba kuzindanda motsatira manambala, mlembi akuwerenga m'kope, ine ndikupereka. Titafika pa 12 ndinapereka botolo, ndipo pafupi ndi phazi langa panali linanso la 12.

"Awa ndi mapasa," anatero mlembi.

Tinapitiriza. Pa 23 panali mabotolo awiri. Pa 34 awiri. Pa 45 awiri. Lomaliza linali 56, koma titawerenga ndi chala onse analipo 60. M'kope namonso manambala anayiwo analembedwa kawiri, koyamba kumapeto kwa ndandanda ya tsiku lina, kachiwiri kumayambiriro kwa ndandanda ya tsiku lotsatira, ndi dzanja lake lija lopendekera kumanja.

"Aphunzitsi," anatero mlembi, "ana athu mumawaphunzitsa masamu, inu kuwerenga mpaka sikisite kukukanikani?"

Wapampando anam'gunda ndi chigongono.

"Alekeni," ndinatero. "Akunena zoona. Timapepalati ndinapanga ndine."

Mapasa atatu sanativute. A 12 anali chitowe ndi nseula. A 34 anali mapira ofiira ndi mchewere. A 45 anali nseula zoyera ndi zamawanga. Kope linkanena zimene zili m'botolo, maso n'kuvomereza. Koma pa 23 kope linali ndi mizere iwiri iyi. Woyamba: "Mapira oyera, ochedwa. Kwa mayi, Ndamera." Wachiwiri: "Mapira oyera, ofulumira. Mayi wa ku Chiromo, tinakumana pamsika wa Bangula."

Wapampando anapempha lichero. Anathira pang'ono za botolo lina kumanja, za linzake kumanzere, n'kuuzira phulusa. Njere zonse zinali zoyera, zobulungira, msinkhu umodzi. Mlembi analuma imodzi.

"Awa ndi olimba. Ochedwa ndi awa."

"Tadikirani." Wapampando analuma ya mbali inayo. "Awanso ndi olimba. Mano anu ndi amene anapuma pantchito."

"Mano anga analibe vuto. Zitumbuwa zanu ndi zimene zinandithyola dzino limodzi."

Anaseka pang'ono, kenako anakumbukira kumene ali n'kuleka. Ndikanakonda akanapitiriza.

Ndinafunsa ngati sangangobzala, n'kudzaona m'munda momwemo. Linali funso la munthu amene minda amaionera pamsewu. Wapampando anandiyankha mofatsa, ngati akuphunzitsa mwana wa Fomu 1.

"Aphunzitsi, ofulumirawa tinalonjeza mabanja awiri a kumtunda, kufupi ndi njira ya ng'ombe. Kumeneko onse amabzala zofulumira, amakolola pamodzi, akatero amatayirira ziweto. Mukawapatsa ochedwa, anzawo adzakolola iwo mapira akadali aawisi, ng'ombe ndi mbuzi zidzadyerere. Ochedwawo ndi a mabanja a kudambo, kumene onse amachedwa. Mukaika ofulumira kumeneko, munda umodzi udzacha wokha, mbalame za dziko lonse zidzachitira msonkhano pamenepo. Munthu mmodzi angainge mpheta zingati?"

"Ndiye tikasinthanitsa..."

"Ndiye mabanja anayi alimira mbalame ndi ng'ombe. Ndi mbewu zonse ziwiri zithera pomwepo, chifukwa botolo ndi limodzilimodzi. Malemu anayendera zimenezi ndi miyendo yawo."

Mlembi anatseka kope. "Mayi wa ku Chiromoyo simungam'peze, dzina palibe. Koma 'kwa mayi' ndi kwa apongozi anu. Mwini mbewu sasokonezeka."

Chiikireni maliro ndinali ndisanapiteko. Foni ndinaimba kamodzi kokha, ndipo tinangopatsana moni.

"Ndiganiza," ndinatero.

"Muziganiza mukuyang'ana kumwamba," anatero mlembi. Ananyamula mabotolo enawo m'madengu awiri, n'kundisiyira mapasa onse anayi kuti ndiwapezere manambala.

M'malo mokonzekera ulendo, m'mawa mwake ndisanapite kusukulu ndinatsegula laputopu. Fayilo ija inalipo. Lupu yam'kati inali ndi mizere inayi yokha, ndipo m'Chichewa inkanena izi: sindikiza nambala imene ili mu kaunta; funsa ngati pa tsamba patsala malo; wonjezera imodzi pa kaunta; bwerera poyambira. M'chinenero cha pulogalamuyi funso limakhala pakati pa lupu, ndipo zolembedwa pansi pa funsolo zimachitika pokhapokha yankho likakhala inde. Pa kapepala komaliza ka tsamba yankho linali ayi, malo atha. Pulogalamu inatuluka mu lupu isanawonjezere. Tsamba lachiwiri linayamba ndi 12 yomwe ija n'kutha ndi 23. Lachitatu linayamba ndi 23. Pulogalamu sinalakwe. Inachita zimene ndinaiuza.

Ndi cholakwa chomwe ndimachenjeza ana chaka chilichonse, ndikawapatsa funso la mpanda: mitengo khumi ndi iwiri yoimikidwa pamzere ili ndi mipata khumi ndi umodzi. Ndimajambula pabolodi. Ndimawauza kuti awerenge ndi chala.

Kukonza kwake kunali kukweza mzere umodzi, wowonjezera uja, kuti ukhale pamwamba pa funso. Mphindi sinakwane. Manambala anatuluka bwino, 1 mpaka 60. Ndinayang'ana tsamba lililonse, kumayambiriro ndi kumapeto. Ndinayendetsanso pulogalamu. Ndinakulitsa manambala, n'kuyendetsanso. Ndinaimirira, ndinamwa madzi, ndinatuluka mpaka pamtengo wa nimu, ndinabwerera, ndinayendetsanso. Nthawi zonse zinkatuluka zolondola, ndipo zinalibe ntchito. Kope linali ndi manambala akale, mabotolo amene amayi aja anatenga anali ndi akale, ndipo palibe lamulo limene ndikanalemba loti pulogalamu isuzumire m'botolo.

Ndinaganizapo zotcha botolo limodzi 23 ndi theka. Kaunta silola theka, ndipo ngakhale ikanalola, ndikanamata pa botolo liti? Pomaliza ndinalemba kalupu kakang'ono koyambira pa 57 kulekeza pa 60, manambala anayi amene anasowa aja, kuti akhale a mapasa achiwiri. Ndinasindikiza pa nthawi yopuma. Sizasi ndinaifuna m'nyumba monse osaipeza, ndiye ndinapinda pepala n'kung'amba ndi rula. Timapepala titatu ndinamata tsiku lomwelo, n'kukonza m'kope ndi pensulo, pambali pa zolemba zake, osafufuta kanthu. Ka 58 kanali ka mapira ofulumira a ku Chiromo. Ndinakaika m'thumba la malaya.

Lachitatu linadutsa. Mabotolo awiri a 23 aja ndinawaika patebulo, kenako pawindo, kenako patebulo pomwepo. Ndinawayang'ana padzuwa, ndinawayang'ana pamthunzi. Ndinatenga njere khumi m'botolo lililonse n'kuziyeza ndi rula, ngati kuti rula ingadziwe zimene mano a amayi aja analephera. Lachinayi masana, ndili pakati pofotokoza za mangodya, madontho angapo anagwa pamalata. Ana anakuwa. Ine ndinaima ndi choko m'manja mpaka analeka. Sinali mvula yobzalira, inangodzutsa fungo la fumbi. Potuluka pageti wapampando anangoloza kumwamba ndi milomo, n'kupitiriza kukulunga chitumbuwa.

Sindinkaopa kuti apongozi anga andikalipira. Ndinkaopa kuti akamayankhula amapendeketsa mutu ngati mwana wawo.

Loweruka m'mamawa ndinaika mabotolo awiriwo m'chikwama, pamodzi ndi shuga ndi sopo, n'kukwera matola opita ku Chikwawa. Kumeneko ndinakwera minibasi. Tinadutsa minda ya nzimbe ya ku Nchalo, yobiriwira ngati kuti chilimwe sichiikhudza, kenako Ngabu, kenako Bangula. Pamsika wa Bangula minibasi inaima nthawi yaitali kudikira anthu, ndipo ndinatsika n'kuyenda pakati pa ogulitsa mbewu, ndikuyang'ana nkhope za amayi, ngati kuti wa ku Chiromo uja angandizindikire. Kondakitala anachita kundiitana. Chikwama ndinachifungata pamiyendo ulendo wonse. Bambo wina amene ndinakhala naye anandifunsa ngati muli mazira. Ndinati muli mbewu. Anati mbewu sisweka. Ndinavomera, koma chikwamacho sindinachiike pansi.

Pa Nsanje anthu a kabaza wa njinga zamoto anandizungulira. Sindinakwere. Ndinadikira galimoto yonyamula matumba a mchere, ndipo pamene inandisiya ndinayenda wapansi.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Apongozi anga ndi mayi wamphamvu zake, wosafika pokalamba. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo ana anawalera ndi nsomba: amagula milamba kwa asodzi a kudambo, n'kuiwamba, n'kukagulitsa. Ndinawapeza kuseri kwa khitchini akutumbula nsomba. Atandiona sanadzidzimuke. Anasamba m'manja, anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, iwo n'kukhala chapatali, atayang'ana kumbali monga amachitira mpongozi ndi mkamwini. Anandilonjera m'Chisena, ine n'kuyankha m'Chimang'anja, monga tinkachitira kale.

"Ndimayesa msewu wa kwa Chapananga unakokoloka," anatero.

"Ulipo, amayi."

"Oo. Ulipo."

Ndinatsegula chikwama n'kutulutsa mabotolo aja.

"Ena akamabwera kwa apongozi amatenga shuga. Inu mabotolo a phulusa."

"Shuga alimo, amayi."

"Ndiye akudikira ndani?"

Ndinatulutsa shuga ndi sopo, n'kukaziika pafupi nawo ndi manja awiri. Anati takhuta, kuthokoza kwa Chisena, osaziyang'ana. Ndinabwerera pamphasa n'kufotokoza chimene ndinadzera: za gulu la amayi, za mapira awo ochedwa amene anapatsa mwana wawo, za mapira ena ofulumira ofanana nawo, za ng'ombe za kumtunda ndi mbalame za kudambo. Za ng'ombe ndi mbalamezo sanafune kuti ndimalize.

"Zimenezo ndikuzidziwa, bambo. Ndinayamba kuinga mbalame inu musanabadwe. Bweretsani kuno."

Anatsegula botolo loyamba, anathira njere pachikhato, anauzira phulusa. Anaziyang'ana pang'ono chabe. Kenako anatenga kapu ya madzi, anatsuka njerezo, anazitikita ndi chala, n'kuziika pamphuno. Anatafuna ziwiri, analavula.

"Nkhabe," anatero. Ayi.

Anatsuka chikhato bwinobwino, anapukuta pachitenje, n'kutsegula lachiwiri. Anachitanso chimodzimodzi, koma atafika ponunkhiza sanatsitse dzanja. Anakhala choncho nthawi yaitali. Nkhuku inabwera kudzatola zimene analavula zija, iwo osaiinga.

"Awa ndi anga."

"Mukutsimikiza, amayi? Pepani kufunsa. Tikalakwitsa..."

"Aphunzitsi mukufuna ndilembe mayeso?" Anapendeketsa mutu. Ndinayang'ana pansi. "Tapitani m'khitchinimo. Muyang'ane kutsindwi."

Ndinalowa chowerama. Kutsindwi, pamwamba penipeni pa malo amene amawambira nsomba, panali ngala za mapira zomangidwa m'mitolo, zakuda ndi mwaye.

"Mbewu yanga imagona pamenepo miyezi isanapunthidwe," anatero ali panja. "Nankafumbwe safikapo. Koma imanunkha mlamba. Phulusa limabisa, madzi amaulula. Tabwerani mununkhize."

Ananditambasulira dzanja ali chiyang'anire kumbali, n'kukhuthulira njerezo m'dzanja langa. Poyamba ndinangomva chinyontho. Kenako, patali, utsi ndi mafuta a nsomba. Ndinatsuka za botolo linalo ndekha. Zinkangonunkha madzi. Ndinabwereza kawiri, uku ndi uku, mpaka anandiuza kuti ndimaliza mbewu ya eni ake.

"Mnzanu uja ali kusukulu ankalira nalo fungo limeneli," anatero. "Akuti yunifomu ikununkha, anzake akumuseka. Ndinkamuuza kuti yunifomuyo inagulidwa ndi mlamba womwewo."

Ndinatulutsa kapepala ka 58 m'thumba. Kanali katafewa ndi thukuta. Ndinachotsa 23 pa botolo loyamba lija, la ku Chiromo, n'kumata 58 ndi selotepu yomweyo. La apongozi linatsala ndi 23 yake. Ndinaimbira wapampando pomwepo n'kumuuza kuti 58 ndi wa kumtunda, 23 wa kudambo, ndipo ndifika nawo mawa. Anati ndinene kawiri. Ndinanena kawiri. Chapatali ndinamva mlembi akufunsa ngati nthawi ino ndawerenga ndi chala.

Nditatseka foni ndinazindikira kuti ndakhala pamphasa nthawi yaitali osafuna kuimirira.

Apongozi anakokera botolo lawo pafupi n'kuyendetsa chala pa nambala ija. "Zinatheka bwanji mabotolo awiri kukhala ndi nambala imodzi? Mwana wanga sankasokoneza zowerenga."

"Sanasokoneze iye, amayi. Manambalawo ndinapanga ndine, pa kompyuta. Ndinaiuza kuti iziwerenga yokha, koma ndinaiuza molakwika. Ikafika kumapeto kwa tsamba inkaiwala kuwonjezera imodzi."

"Inkaiwala iyo kapena inu?"

"Ine."

"Ndiye munalemba osawerenganso."

"Ndinawerenga tsamba loyamba lokha."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakwiye. Anaika botolo pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Nanga iye sanaone? Uja ankawerenga ngakhale nkhuku za eni ake."

"Anaona," ndinatero.

Palibe amene ndinali nditamuuza zimenezi, ngakhale amayi a gulu aja. Pamaliro anthu ambiri anandifunsa za lole, za msewu, za chipatala. Za m'mawa wa tsikulo panalibe anandifunsa. Ndinawauza apongozi anga ndikuyang'ana mphasa. Ndinati tsiku limenelo ndinali ndi pepala la mayeso loti ndipereke kwa ahedi isanakwane nthawi yopuma, ndipo ndinadzukira pa laputopu. Iye anadzukira m'kachipinda kaja ndi kope lake, akukonzekera zokanena kumsonkhano. Ndinkamumva akusuntha mabotolo. Wa kabaza atafika analiza hutala kawiri. Iye anatuluka m'kachipindamo akuseka, chikwama chili paphewa, n'kuima pakhomo akumanga nsapato. Ndikudziwa kuti ankamanga nsapato chifukwa ndinamva akutsamira chitseko. Sindinatembenuke. Funso lachisanu ndi chiwiri linkakana kukwana pa tsamba. Atayankhula ndinangoti, "Mm."

"Anati chiyani?" anafunsa apongozi.

Ndinawauza mmene ananenera, osachotsa kapena kuwonjezera.

"Aphunzitsi, manambala anu okongola aja akubwerezana. Musakhudze chilichonse, botolo la amayi ndikulidziwa ine. Ndidzakuonetsani ndikabwera."